Vinyo Wotsukira Mafupa a Zannis

Kuno kwathu ku Emborio, mudzi wa pa chilumba, munthu sagona m'manda mpaka kalekale. Malo ndi ochepa, ndipo akufa ndi ambiri kuposa amoyo. Zikatha zaka zitatu timamudzutsa. Wokumba amatsegula manda, wansembe amapemphera, ndipo mkazi wake, kapena mwana wake wamkazi, amatsuka mafupa ake ndi vinyo, limodzilimodzi, n'kuwaika m'kabokosi kamene kamakakhala m'kanyumba ka kuseri kwa tchalitchi. Vinyo wotsala anthu amagawana pomwepo, aliyense kakapu kake, n'kumati Mulungu amukhululukire. Marousa anali atatsukapo anthu awiri, bambo ake omubala ndi apongozi ake aakazi. Wachitatu anali mwamuna wake Zannis, ndipo ameneyu anasiya mawu.

Mawuwo anawanena kale kwambiri, tsiku limene ankachokera kotsuka mayi akewo. Vinyo wa tsikulo anabwera naye ndi Kadio, mkazi wa Averkis, mkulu wake wa Zannis. Pofuna kulemekeza apongozi, Kadio anasankha wotsekemera, uja wa mphesa zoyanika padzuwa amene timapereka ku tchalitchi. Manja a Marousa anachita kumata, ndipo bokosi lisanatsekedwe nyerere zinali zitandanda kale.

"Waona zimene awachita amayi?" anatero Zannis ali m'njira yobwerera kunyumba. "Munthu amene sanatsekemerepo tsiku ndi limodzi lomwe, lero akumupaka uchi ngati mkate wa Pasaka."

"Tsitsani mawu, anthu akumva."

"Amve. Ine langa likadzakwana, usadzanditsuke ndi zotsekemera. Ndiponso usadzayerekeze kunditsuka ndi wa Averkis, mafupa anga angadzachite dzimbiri. Wanga yekha. Anthu adzamwe, adzadziwe kuti m'dzenjemo munagona munthu wodziwa vinyo."

"Nanga ndikayamba ndine kufa?"

"Iwe? Iwe udzaika m'manda chilumba chonse chino, udzatsala wekha ndi abulu."

Marousa anabadwira m'nyumba ya ana aakazi okhaokha. Bambo ake atatopa kudikira wamwamuna, anatenga Marousa, mwana wachiwiri, n'kupita naye kumunda, pa msinkhu umene anzake ankaphunzira kupeta nsalu. Kumeneko anaphunzira kuluka mipesa. Mphepo ya kuno silola mpesa kuimirira. Ukangodzutsa mutu, mchenga umaupsereza maso. Choncho m'miyezi yozizira timapinda nthambi n'kuzizungulizazunguliza pansi penipeni ngati nkhata, kuti mphesa zidzalendewere m'kati mobisala. Ukapinda mwaukali nthambi imathyoka, ukainyengerera kwambiri mphepo imadzamasula. Marousa ankaluka atagwada, osayankhula, ndipo nkhata zake munthu ankazizindikira ali pamsewu: zazing'ono, zothina, zopanda kanthambi kotulukira.

Zannis anamukwatira chifukwa cha nkhatazo, ndipo sankabisa. "Ndinayamba kuona munda, nkhope ndinaiona mochedwa, nditavomera kale kwa wansembe," ankatero pagulu. Anthu ankaseka, Marousa n'kumangopitiriza kusenda anyezi. Chivomezi chachikulu chitagwetsa theka la mudzi, ambiri anakwera sitima kupita ku mzinda wa Piraeus osabwereranso. Iwo anatsala. Anamanganso nyumba pa miyala yomweyo. Ana anabereka atatu, awiri Mulungu anatenga akadali m'manja, anakula mmodzi, Floura, amene pambuyo pake anakakwatiwa ku Piraeus komweko.

Ntchito anagawana bwinobwino. Munda unali wa Marousa, phanga linali la Zannis. Phangalo linakumbidwa m'thanthwe lofewa kuseri kwa nyumba, ndipo ndi mmene ankaponderamo mphesa ndi kusunga migolo. Apongozi anaika lamulo tsiku loyamba lenileni: mkazi akalowa m'phanga, vinyo amasasa. Marousa sanafunse chifukwa. Ankafikitsa madengu a mphesa pakhomo n'kubwerera kumunda. Apongoziwo atamwalira lamulo linatsala, monga umatsalira msomali pakhoma chithunzi chitachotsedwa. Mpesa ankaudziwa kuyambira ku muzu mpaka ku tsamba, koma vinyo ankangomudziwira m'kapu.

Vinyo wa Zannis sanali wonyengerera munthu. Dothi lathu ndi phulusa lokhalokha, mvula ya chilimwe kulibe, mipesa imangomwa nkhungu ya m'nyanja, ndipo mphesa zake zimatuluka zazing'ono ndi zamakani. Zannis ankamusiya kuti awire mpaka kutsekemera konse kutheretu. Wotuluka m'mgolo anali wachikasu ngati udzu wouma, wakuthwa pa lilime, wosiya kamchere kukhosi. "Wotsekemera ndi wa Mulungu ndi ana," ankatero. "Uyu ndi wathu ochimwa, wotsitsira nsomba." Averkis ankapanga wamtundu womwewo m'munda woyandikana, ndipo chaka chilichonse pa tsiku lotsegula migolo yatsopano abale awiriwa ankalawirana pamaso pa anthu.

"Uyu ndi wabwino," Averkis ankatero atazunguza kapu ya mng'ono wake. "Wabwino kwambiri potsukira zilonda za bulu."

Zannis naye ankalawa wa mkulu wake, n'kutseka maso ngati akupemphera. "Achimwene, chaka chino madzi a m'chitsime mwanu akoma."

Chinthu chokha chimene Marousa ankakangana nacho ndi mwamuna wake chinali matumba. Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi, Zannis ankatsikira kugombe la mchenga wakuda n'kubwerako matumba a jekete atadzaza nsangalabwi, zakuda, zosalala, zazing'ono ngati mazira a nkhunda. Ankazitsuka pa chitsime n'kulowa nazo m'phanga. Jeketelo linali limodzi lomwelo la ku tchalitchi, ndipo Marousa anasoka matumba ake mpaka nsalu yoyamba inatha, kutsala zigamba zokhazokha.

"Kodi miyala imeneyi itha liti kunyanjako?"

"Ndikukusamutsira gombe pang'onopang'ono, mayi a Floura. Ukadzakalamba uzidzasamba pakhomo pompano."

Yankho linali lomwelo zaka zonse, ndipo iye anasiya kufunsa. Amuna ena amatolera milandu, ena akazi. Wake ankatolera miyala. Ankathokoza Mulungu n'kumasoka.

Matenda anamugwira Zannis m'chifuwa chaka chimene mipesa inabereka pang'ono koma mphesa zabwino. Anapondabe, anadzazabe migolo, koma pofika Khirisimasi sankathanso kukwera masitepe a nyumba yake yomwe. Tsiku lina anaitana Marousa n'kumuika kiyi wa phanga m'dzanja.

"Migolo yaikulu ija ugulitse. Koma kumapeto kuli waung'ono, ndaulemba mtanda ndi choko. Umenewo ndi wanga, wa ntchito ija. Usaugulitse, ndipo Averkis asaukhudze."

"Ine kulowa m'phanga? Nanga lamulo la amayi?"

"Amayi ali m'bokosi, ndipo bokosilo ndinakhoma ndekha. Lowa."

Anamwalira mu Januwale, nthawi yoluka mipesa, mphepo ikumenyetsa zitseko. Anamuika atavala jekete lija.

Marousa anachita zonse zoyenera. Anavala zakuda. Anaphika tirigu wa maliro pa masiku ake onse, kumuwaza shuga ndi njere za makangaza, n'kugawira anthu pakhomo la tchalitchi. Koma misozi sinabwere. Anaidikira monga timadikirira sitima nyanja ikawinduka, sinafike. Akazi anzake ankalira momuzungulira, iye n'kumaona kuti nsapato ya wansembe yang'ambika kuchala. Ena ankati ndi wolimba mtima. Sikunali kulimba, m'katimo munalibe kanthu basi. Chakudya chinasiya kukoma. Mkate, chipere, azitona, zonse zinali ngati akutafuna nsalu. Mphuno nayo inatseka, moti lubani wa m'tchalitchi ankangomuona utsi. Vinyo anadziletsa yekha mpaka tsiku lodzatsuka mafupa. Floura anamuchonderera kuti asamukire ku Piraeus, iye anangoti, "Nanga mipesa aluke ndani?" ndipo nkhani inathera pomwepo.

Loweruka lililonse ankapita kumanda kukathira mafuta m'kanyali. Akazi ena pamanda a amuna awo ankayankhula, kuwauza za ana, za denga lodontha, ena kuwakalipira kumene. Marousa ankangoima n'kumayang'ana dzina pamtanda. M'nyumba mwawo woyankhula anali Zannis, iye anali woyankha. Popanda wofunsa analibe chonena. Ankapemphera mapemphero amene anaphunzira ali mwana, mawu ake onse mwadongosolo, kenako n'kubwerera.

Ndiye Loweruka lina, atasowa chopita nacho, anatenga kiyi uja. Phangalo linali laling'ono kuposa mmene ankaliganizira zaka zonsezo. Migolo yaikulu ogula anali atatulutsa kale, patangotsala mabwalo ake pansi. Kumapeto kunali mgolo wa mtanda, ndipo pambali pake panali dengu lodzaza nsangalabwi. Anapotoza kampopi ka mtengo, anadzaza kapu imodzi, anayenda nayo mpaka kumanda ataiphimba ndi dzanja, n'kuthira kumutu. Dothi linamwa nthawi yomweyo ngati munthu waludzu. Pamenepo anamva kanthu kakang'ono, osati chisoni, koma kaja kamene mkazi amamva akaika mbale patsogolo pa munthu wochokera kumunda. Loweruka lotsatira anachitanso chimodzimodzi. Mgolo sanagulitse, Averkis sanaukhudze, ndipo womwa anali mwini wake. Vinyo atayamba kutuluka monyinyirika, anapeza kuti akamasula chitsekerero cha pamwamba amatsika bwino, ndiye anachisiya chomasula.

Nsangalabwi nazo anazipezera ntchito. Anazinyamula pang'onopang'ono mu epuloni, anaziyala mozungulira manda, zotsala anapanga nazo mtanda pachifuwa. Kadio ataona anaomba m'manja. "Koma ndiye mwawakongoletsa alamu anga, mayi a Floura! Moyo wawo wonse kutolera miyala, kani ankadzikonzera okha."

Maluwa ofiira amene anadzala kumutu anakula bwino chaka choyamba. Chachiwiri anachita chikasu, kenako anauma. Anadzala ena, anaumanso. Iye anati ndi mphepo.

Zaka zitatu zitakwana, Bambo Minas, wansembe wathu, anamuimitsa pakhomo la tchalitchi n'kumuuza kuti ntchito ichitika Loweruka likudzalo. Sabata imeneyo nyanja inawinduka, sitima sizinkayenda, ndipo Floura anaimba lamya akulira kuti sabwera. Marousa anamuuza kuti asadandaule, manja alipo. Anachapa nsalu yoyera yokulungira mafupa, anatsuka beseni, anabwereka botolo lalikulu lovekedwa dengu. Botolo lotere likadzaza mkazi mmodzi sanganyamule, choncho Lachisanu masana anaitanitsa Averkis. Anafika ndi bulu wake, ndipo Kadio anatsatira pambuyo osaitanidwa.

"Mlamu, ndabweranso ndi wanga pabulupo," anatero Averkis, "mwina wa malemuyo angachepe."

"Sachepa, alamu. Inu imani pakhomo pomwepo, nditunga ndekha. Anati musaukhudze."

"Mwamumva? Wafa koma akundilamulabe, mwana amene ndinkamupukuta mamina!"

Marousa anagwada n'kutsegula kampopi. Botolo lisanafike ndi pakati pomwe, Averkis anakweza mphuno ngati galu. Kenako anavula chipewa n'kulowa osapempha. Mgolo sanaugwire ndi dzanja. Anangougogoda ndi nsonga ya ndodo yake, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Pansi unayankha molemera. Atangokwera pang'ono unalira ngati ng'oma. Anayang'ana chitsekerero chomasukacho, anaviika chala pakamwa pa botolo, analawa, n'kulavulira kumbali.

"Mlamu, mwakhala mukutunga?"

"Kapu imodzi Loweruka. Ndimakawathirira kumanda."

"Kuyambira liti?"

"Chaka choyamba chomwe chija."

"Mayo ine." Averkis anadzikanda m'mutu ndi dzanja la chipewa. "Uyutu si vinyonso. Wasasa. Uyu ndi wothira m'masamba."

Kadio ali pakhomo anadzilemba mtanda katatu. "Ndinadziwa ine! Amayi ankati chiyani? Mkazi m'phanga! Ine mwathu sindinapondemo, ngakhale tsiku lija mphaka anatsekeredwamo."

"Iwe khala chete, zimenezo ukauze nkhuku zako. Si mkazi, ndi mpweya. Wotsekemera uja shuga amamufunditsa, uyu ali maliseche. Mgolo wake uyenera kukhala wodzaza mpaka pakamwa. Ukatunga kapu, mpweya umalowa n'kukhala pamalo pa kapuyo, ndiye umayamba kudya. N'chifukwa chake timaponyamo..." Anayang'ana pansi, anaona dengu lopanda kanthu, analitembenuza ndi ndodo. "Miyala ili kuti? Zannis anali ndi dengu la miyala pano. Ukatunga, umaponyamo miyala yotsuka, vinyo n'kukweranso mpaka pakamwa, mpweya n'kusowa pokhala. Munthu uja anatha gombe lonse. Ili kuti?"

Marousa anayang'ana dengulo.

"Ili kumanda."

"Kumanda?"

"Ndinayala pamanda pawo."

Kadio anatseka pakamwa ndi mpango. Averkis anakhala pansi pa mwala wa pakhomo. Anatulutsa kaphokoso ngati kuseka, kenako anapukuta nkhope yonse ndi chipewa.

"Sanakuuzeni ntchito yake?"

"Ankati akundisamutsira gombe."

"Chitsiru. Chitsiru cha munthu, Mulungu amukhululukire. Moyo wonse nthabwala, mawu amodzi ofunika osanena."

Marousa anatseka kampopi kuti botolo lisasefukire. Anadikira kuti mwina tsopano china chake chithyoka m'chifuwa. Sichinathyoke. Anangokumbukira maluwa aja, n'kuzindikira kuti sinali mphepo, ndiponso kuti nthawi yonseyi munthu waludzu uja ankamumwetsa chiyani. Anazindikira monga umazindikirira kuti mawa ndi Loweruka.

"Mverani, mlamu," anatero Averkis motsitsa mawu. "Wanga ali pabulu panjapa. Munda ndi umodzi, mpanda wokha pakati, ndipo theka la mipesa yanga munaluka ndinu. Titaye uyu, tithire wanga m'botolo lanuli. Adzadziwa ndani? Kadio sanena."

"Ine ndinene kwa yani?" anatero Kadio, amene mudzi wonse unkamvera nkhani kwa iye.

"Anthu adzamwa, adzati Zannis ankadziwa vinyo. Si zimene ankafuna? Ndiponso kamodzi kokha adzakhala akunena zoona za vinyo amene ali m'kapumo."

Marousa anawapempha kuti botolo aliike m'khitchini mmene linalili, ndipo wa pabulu amusiye pakhonde. Atachoka, anatenga mpeni wake wodulira n'kupita kumunda, chifukwa dzuwa linalipobe ndipo mzere wa kumpoto unali usanalukidwe.

Anagwada pa mpesa woyamba, wakale kwambiri, umene agogo a Zannis anaupeza uli wokalamba kale. Anadula zouma, anasankha nthambi zamphamvu, n'kuyamba kupinda. Manja ankadziwa okha, mutu unali ndi mpata. Zannis anapempha zinthu ziwiri: kuti atsukidwe ndi vinyo wake, ndi kuti anthu amwe n'kumutama. Tsiku limene ankanena zinali chinthu chimodzi. Tsopano zinali zitasiyana, ndipo iye akanatha kupereka chimodzi chokha. Chachiwiricho chinafuna bodza, lonenedwa pa manda otsegula, wansembe ataima pomwepo ndi lubani. Chinafunanso kuti mafupa a Zannis alowe m'bokosi akununkha vinyo wa Averkis mpaka tsiku la chiweruzo. Anakumbukira kuti ngakhale Ambuye pamtanda anapatsidwa wosasa, koma anadzidzudzula nthawi yomweyo, chifukwa Zannis sanali Ambuye, anali munthu wong'amba matumba. Analowetsa nsonga ya nthambi pansi pa inzake, anayesa nkhatayo ndi chikhatho, inali yolimba. Anasunthira pa mpesa wotsatira.

M'mawa mwake anapeza Averkis ali kale pakhomo ndi bulu. Anamulozera botolo la m'khitchini.

"Mlamu, mwaganiza bwino?"

"Kwezani limenelo, alamu."

Kumanda kunabwera anthu angapo, akazi a m'tchalitchi ndi amuna achikulire amene ankamwa ndi Zannis, aliyense kakapu kali m'thumba. Wokumba anayamba ndi kuchotsa nsangalabwi, kuziunjika pambali ndi fosholo, kenako anakumba. Atatsegula, akazi anasuzumira, ndipo Kadio anapuma mokweza. "Asungunuka bwino. Mulungu wawalandira." Mafupa anali oyera mwachikasu. Nsalu ya jekete inali itatha, koma zigamba za matumba zinalipo, ulusi wa Marousa ukuonekabe.

Anagwada, anayala nsalu yoyera, anapendeketsa botolo m'beseni. Bambo Minas anali atayamba kale pemphero, koma anaima pakati pa mawu. Amuna aja anayang'anizana.

"Mayi Marousa, kodi uyu..."

"Ndi wa a Zannis, Bambo. Ndinamuwononga ndine, ndinkatunga osaponyamo miyala. Koma ndi wawo."

Wansembe anayang'ana Averkis, Averkis anayang'ana kumwamba. Bambo Minas anasisita ndevu. "Chabwino. Palibe anandiuzapo kuti ndiziyamba ndalawa ndisanadalitse." Anagwedezanso chofukizira n'kupitiriza pamene anasiyira.

Marousa anayamba ndi chigaza. Anachigwira ndi manja awiri monga ankagwirira mutu wa Floura pomusambitsa. Dzino lija lobenthuka, limene Zannis anathyola potsegula botolo pa ukwati wa mwana wawo, linalipo. Anatsuka pamphumi, m'maenje a maso, kuseri. Kenako mapewa, nthiti imodziimodzi, mikono, timafupa ta zala timene wokumba ankamupatsira m'chikhatho. Vinyo wosasayo analowa m'ming'alu ya m'manja mwake, ija ya kuluka mipesa m'mphepo, n'kumaluma ngati mavu. Mpweya wake unakwera kuchokera m'beseni n'kumulasa m'maso. Madzi anayamba kutsika m'masaya, kudonthera pa mafupa.

"Taonani, akulira," Kadio ananong'ona mokweza. "Zaka zonsezi, lero yatuluka. Lirani, mayi a Floura, lirani anzanga."

Akazi onse anayamba kulira naye. Marousa ankadziwa kuti ndi misozi ya anyezi, koma sanawakonze, ndipo sakanatha kupukuta chifukwa manja anali otanganidwa. Chimene anaona n'china. Fungolo analimva. Linabaya m'mphuno mpaka kunkhongo, ndipo kuseri kwake, patali, kunali kamchere kaja, ndi kafungo ka malaya a Zannis nthawi yoponda mphesa. Pambuyo pake kunabwera lubani, ndi dothi lonyowa, ndi thukuta la wokumba. Sanasangalale, sanamve chisoni. Anangozilandira limodzilimodzi monga mafupawo.

Mafupa anatuluka oyera kuposa onse amene anatsukapo. Nyerere sinabwere ndi imodzi yomwe. Anawapukuta, anawakulunga, chigaza pamwamba, ndipo wansembe anamaliza pemphero.

Inakwana nthawi ya makapu. Marousa anaimirira atagwira botolo, mmene munatsala vinyo wokwanira onse. Amuna aja anaima makapu ali m'manja, aliyense akuyang'ana nsapato za mnzake. Mmodzi anabweza kapu yake m'thumba mwakachetechete. Mphepo inkawomba mpango wa Marousa. Iye anaona kuti apa ndi pamene Zannis ankalota zaka zonse zija, ndipo pafika, ndipo palibe amene atambasule dzanja. Anayamba kufunafuna chitsekerero.

"Thirani, mlamu," anatero Averkis, kapu ili patsogolo.

"Musadzivute, alamu."

"Thirani, ndati. Anandiletsa mgolo, za kapu sananene."

Anathira pang'ono, iye anagwedeza kapu kuti awonjezere mpaka pakamwa. Anadzilemba mtanda n'kugugudiza yonse kamodzi. Nkhope inakwinyika ngati mphesa yoyanika. Anatsokomola, anadzimenya pachifuwa, maso atafiira.

"Zili bwanji, Averkis?" anafunsa mmodzi wa amunawo.

"Ndi yemwe uja," anayankha mawu akutuluka movutikira. "Sanasinthe ngakhale pang'ono. Zaka zonsezi ndinkakuuzani kuti ndi wa zilonda za bulu, inu osandimvera."

Amuna anaphulika kuseka pa manda otsegulawo, ndipo ndevu za Bambo Minas zinagwedezeka. Uja anabisa kapu anaitulutsanso. Mmodzimmodzi anatambasula dzanja, kunyowetsa milomo, kunena kuti Mulungu amukhululukire, n'kutembenuka kukalavula kuseri kwa mtanda wa mnansi. Palibe amene anati Zannis ankadziwa vinyo. Averkis anapita kukaima yekha pa mpanda, atafulatira anthu, akutsokomolabe ngakhale chifuwa chinali chitaleka.

Bokosi analiika m'kanyumba kaja, pa thabwa limodzi ndi la mayi ake. Anthu anabalalika. Wokumba anatsala akukwirira dzenje, poti malowo adzagonapo wina.

"Nanga miyalayi, mayi? Nditaye kuseri?"

"Ayi, isiyeni."

Analibe dengu, ndipo epuloni anali ataisiya kunyumba. Anagwada pa muluwo n'kudzaza matumba onse awiri a chikhoti chake chakuda. Yotsala anati adzatenga Loweruka lina. Sanadziwe kuti akaichita chiyani. Mgolo unalibenso chosunga.

Thumba la kumanja linang'ambika asanafike pa chitsime cha pakati pa mudzi. Anaima pamsewu, nsangalabwi zitamwazikana kumapazi, zina zikugubuduka motsetsereka, zala zake zikununkhabe vinyo wosasa. Anayang'ana kumbali, kumene Zannis ankayenda akamachokera ku tchalitchi, ngati pali chimene akudikira kumva. Kenako anagwada monga amagwadira pa mpesa, n'kuyamba kutola.